Mayi wa mimba yachitatu, GBS mumkodzo ndi mawu oti "allergy" pachikuto cha buku lake

Lipoti ili ndikulembera anzanga a ku matenite, azamba, makiliniko ofesa komanso a ku labu. Ine ndine kiliniko ofesa, ndimagwira kuleba ndi ku nazale pa chipatala china cha mishoni, ndipo mayi amene ndikumunena pano anavomera kuti ndilembe bola dzina lake ndi mudzi wake zisatuluke, nde sinditchula.

Ndi mayi wa zaka 28, mimba yachitatu. Mwana woyamba wamkazi alipo, wayamba sukulu. Wachiwiri anali wamwamuna, anabadwa zaka zitatu zapitazo masiku atakwana bwinobwino, analira, anayamwa, koma usiku wa tsiku lomwelo anayamba kubuula ndikukana bere, anamutumiza kuchipatala chachikulu ndipo anamwalira tsiku lachiwiri. Magazi a mwanayo anali atawatenga, zotsatira zinatuluka maliro atachitika kale, ndipo mayi atapitako pa sabata 6 wina wachifundo analemba mbuku lake kuti blood culture (kuyeza komeretsa tizilombo ta mmagazi) inamera kachilombo ka Group B Strep, mwachidule GBS. Analemba koma sanamufotokozere, nde kwa zaka zitatu mayiyu amayenda ndi yankho mchikwama osadziwa kuti ndi yankho. Kumudzi akuluakulu anati ndi mauka, ena anati tsempho, ndipo bambo wa mwana anakhalitsidwa pansi kufunsidwa komwe anayenda.

Ndinamuona koyamba mimba ili pa masabata 30, atatumizidwa kuchokera ku helefu senta kamba ka imfa ya mwana ija. HIV analibe, chindoko analibe, Hb 10.8, BP 110/70, mwana akugunda bwino mutu uli pansi. Dandaulo lake linali kuwotcha pokodza kwa masiku anayi, thupi osatentha, msana osapweteka. Dipstick inaonetsa leucocytes, nitrite ayi. Nditaona mzere uja wa GBS mbukumo ndinaganiza kuti mkodzo tiutumize ku labu ya mtauni komwe amapanga culture, poti pathu timathera pa microscope basi, ndipo mwamuna wake anavomera kulipira. Pachikuto cha buku lomwelo panali mawu akuluakulu a peni yofiira, ALLERGIC TO PENICILLIN, ozungulizidwa kawiri. Ndinawaona, ndinafunsa mwachidule kuti "Mayi, penisilini amakutani?" iye nkuti "Anangondiuza kuti sandiyanja, ndinali wamng'ono", panja mzere unali wautali, ine nkulemba nitrofurantoin 100 mg kwa masiku 7 nkumuuza abwere zotsatira zikatuluka. Apa mpomwe ndinalakwitsa, ndibwererapo.

Kaye pang'ono za kachilomboka, chifukwa ambiri tinangomva dzina kusukulu nkuiwala. Dzina lake lenileni ndi Streptococcus agalactiae, anayamba kukadziwa ngati kotupitsa mabere a ng'ombe mkaka nkuuma, ndipo dzina loti gulu B likuchokera kwa Rebecca Lancefield amene anagawa ma strep mmagulu mzaka za m'ma 1930. Kamakhala mmatumbo ndi mnjira yoberekera, mayi osamva kanthu, osayabwa, osatuluka chikazi chachilendo, ndipo si matenda opatsirana pogonana, izi muziwauza amayi momveka chifukwa mabanja amagwedezeka nazo. Kamabwera nkupita, lero swab (kathonje koyezera) ili positive mwezi wa mawa ayi. Vuto limabwera nsupa ikasweka kapena mwana akamadutsa mnjira, pafupifupi theka la ana a amayi amene ali nako amatengera, ndipo mwa amenewo mmodzi kapena awiri pa 100 amadwala ngati mayi sanalandire mankhwala nthawi ya matenda. Oyamba kudwala masiku 6 asanathe ambiri amaonetsa zizindikiro tsiku loyamba lomwelo, chibayo ndi sepsis, ngati mwana wachiwiri wa mayiyu. Ena amadzadwala kuyambira tsiku la 7 mpaka miyezi itatu ndipo mwa amenewa matenda oumitsa khosi amachuluka kusiyana ndi mwa oyamba aja.

Ndipo tisamaganize kuti ndi nkhani ya azungu. Ku Queens mu Blantyre anawerenga makanda a mu 2004 ndi 2005 napeza kuti pafupifupi 1.8 pa ana 1,000 obadwa amoyo amadwala GBS yolowa mmagazi kapena mubongo, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse odwalawo anamwalira. Kafukufuku wina pa Queens pomwepo wa 2008 mpaka 2010 anayeza amayi oposa 1,800 napeza kuti 21 pa 100 aliwonse ali nako kachilomboka. Ndiye mukaona amayi khumi atakhala pa benchi ya sikelo, awiri mwa iwo ali nako. WHO ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine mu 2021 anati padziko lonse makanda pafupifupi 91,000 amamwalira nako chaka chilichonse, ena 46,000 amabadwa akufa. Ku America anayamba kuyeza mayi aliyense kuyambira 2002, pano amatenga swab pa masabata 36 mpaka 37, ndipo matenda a masiku oyambirira anatsika kuchoka pa 1.8 kufika pochepera 0.3 pa 1,000. Ku Britain sayeza aliyense, amayang'ana zoopsa zomwe mayi ali nazo, monga mwana wam'mbuyo anadwala GBS, kapezeka mumkodzo, matenda ayamba masabata 37 asanakwane kapena thupi latentha kuleba. Ife kuno swab sitipanga, nde njira yotsala ndi yomweyo yoyang'ana zoopsa, ndipo mayiyu anali kale ndi chimodzi asanalowe nkomwe mchipinda changa.

Patatha masiku 5 zotsatira zinabwera pa WhatsApp. GBS yamera yambiri, kuposa 100,000 pa mililita. Penicillin S, ceftriaxone S, erythromycin R, tetracycline R, clindamycin S (S ndi mankhwala amene kachilomboko kamamva, R ndi amene sikamva). Tetracycline sinandidabwitse, pafupifupi kulikonse GBS yambiri samumva ndipo kwa mayi woyembekezera sitiperekanso. Mtima wanga unakhala pansi nditaona clindamycin S, ndinati basi mayi wa allergy tamupezera chake, 900 mg pa dripu maola 8 aliwonse matenda akayamba, tikangomuitanitsa msanga poti mu famase mwathu sakhalamo. Ndinalemba choncho mbuku.

Usiku ndili kunyumba chinandivuta ndi erythromycin R ija ili pambali pa clindamycin S. Mmawa ndinaimbira mkulu wa ku labu kuja.

"Akulu, pepani kukuvutitsani, ma disc a erythro ndi clinda aja munawaika moyandikana?"

"Ayi adokotala, tinangowamwaza pa plate monga mwa masiku onse. Mukufuna D-test? Kachilomboko tikadali nako, ndiikanso lero."

Kwa amene simunaionepo, D-test ndi chinthu chophweka zedi ndipo sichifuna makina. Amapaka kachilomboko pa plate ya magazi, nkuika disc (kapepala kozungulira ka mankhwala) ya erythromycin ya 15 microgram ndi ya clindamycin ya 2 microgram motalikirana mamilimita 12, nkusiya usiku umodzi. Ngati clindamycin akugwiradi ntchito, malo oyera omuzungulira amakhala ozungulira ngati ndalama yachitsulo. Koma ngati mbali yoyang'anana ndi erythromycin yaphwatalala nkuoneka ngati chilembo D, ndiye kuti kachilomboko kali ndi jini ya erm yomwe imakhala ngati yagona, ikadzuka imasintha malo a pa ribosome pomwe mankhwala awiriwa amagwira, nde onse amalephera limodzi olo pepala linene kuti S. Pali mtundu wina wa kusamva, wa jini ya mef, umene umangopopera erythromycin kunja nkusiya clindamycin akugwira bwino, nchifukwa chake sitingangoganizira, pamafunika kuyeza. Tsiku lotsatira ananditumizira chithunzi, D yooneka bwinobwino osafuna kutsinzinira diso. Anakonza lipoti, clindamycin R.

Apa nkhani inasintha. Pa GBS mankhwala enieni ndi penicillin, X-pen (penicillin wa jakisoni) yemweyu amene ali mu kabati ya leba iliyonse, 5 MU (mayunitsi 5 miliyoni) pa mtsempha poyamba kenako 2.5 MU maola 4 aliwonse mpaka mayi atachira, kapena ampicillin 2 g kenako 1 g maola 4 aliwonse. Patha zaka zambirimbiri tikumugwiritsa ntchito ndipo GBS imamumvabe, kupatula timagulu tochepa tomwe tinayamba kulengezedwa ku Japan cha mu 2008 tofuna mlingo wokwererapo, ndipo nchifukwa chake WHO inaika GBS yosamva penicillin pa mndandanda wake wa 2024 wa tizilombo tofunika kutiyang'anitsitsa. Komwe zinthu zaonongeka kale ndi ku mankhwala olowa mmalo mwake. Erythromycin anachotsedwa pa malangizo a ku America mu 2010 chifukwa cholephera, ndipo lipoti la 2019 la CDC, bungwe lawo la zaumoyo, linati kumeneko GBS yoposa theka samva erythromycin ndipo yoposa 40 pa 100 samva clindamycin. Kwa mayi wa allergy yeniyeni yoopsa chotsala ndi vancomycin, amene ine chiyambire ntchito sindinamuonepo mu famase yathu. Wa allergy yochepa amapatsidwa cefazolin 2 g kenako 1 g maola 8 aliwonse, nayenso kwathu kulibe. Ndiye mawu atatu a peni yofiira aja anali atatseka khomo lokhalo lomwe linali lotseguka.

Ndipo sindikudabwa kuti ma macrolide, gulu la erythromycin ndi azithromycin, atopa. Tonse tikudziwa mmene azithromycin ankagulidwira nthawi ya Covid, aliyense wa chifuwa mapilisi atatu, ena kumwa amodzi nkusungira mwana otsalawo, erythromycin timapereka pa zilonda za pakhosi, pa matenda opatsirana pogonana kwa oyembekezera, pa nsupa yosweka msanga. Kachilombo kokhala mmatumbo kamakumana ndi mankhwala onsewa ngakhale sitinalinge iko.

Chimene ndinayenera kuchita pa masabata 30 paja chinali kukhala naye pansi mphindi khumi nkufufuza allergy imeneyi. Zimadziwika kuti mwa anthu khumi onena kuti penicillin sawayanja, pafupifupi 9 akayezedwa amapezeka kuti alibe vuto. Nditalandira D-test ndinamuimbira mwamuna wake kuti abwere pa masabata 34 ndi mabuku onse akale komanso munthu amene anamulera. Anabweradi koma tsikulo ndinali ku theatre ndi ma caesar awiri otsatizana, anamuona mnzanga amene sindinamusiyire uthenga, anamuyeza mimba bwinobwino nkumupatsa tsiku lina, ndipo mbuku munatsala mzere wanga woyamba uja woti clindamycin, osafufutidwa. Ili linali vuto langa, ndinasunga pulani mmutu ndi pafoni mmalo moilemba pomwe aliyense angaione.

Pa masabata 35 ndi masiku 4 nsupa inasweka cha mma 5 koloko mmawa akusesa pabwalo. Anafika ku helefu senta cha mma 9, mzamba wa kumeneko anachita zomwe tonse tinaphunzitsidwa pa nsupa yosweka masiku asanakwane, anampatsa erythromycin nkuitana ambulansi. Sindikumudzudzula, ndondomeko imeneyi ili ndi maziko ake, inachokera ku kafukufuku wamkulu wa ORACLE wa 2001 ndipo WHO imavomereza, komanso iye anaona chikuto chofiira chija ndipo pepala la labu lokonzedwa linali pafoni yanga osati mbuku. Koma kwa mayi uyu erythromycin anali ngati madzi. Ambulansi inachedwa, nkhani ya mafuta, anafika pathu 10 koloko usiku nsupa itatha maola 17.

Pofika thupi 37.6, mtima 96, BP 120/75, mimba yosapweteka pogwira pakati pa zopweteka za matenda, mtima wa mwana 150 mpaka 156, madzi oyera osanunkha, njira yatseguka masentimita 5, matenda akubwera katatu pa mphindi khumi. Dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana sitinapereke poti masabata 34 anali atadutsa. Sista wa usiku anawerenga buku, anaona GBS, anaona clindamycin, anapita kukagogoda ku famase nkupeza kulibe, anaganiza za ceftriaxone koma chikuto chofiira chinamuopsa, nde anandiimbira nthawi ili cha mma 11.

Nditafika ndinapeza gadiyani ndi mayi ake omubereka, agogo a zaka za mma 60 atakhala pansi pakhonde ndi beseni ndi zitenje. Ndinakhala nawo pansi pomwepo.

"Agogo, mwana wanuyu akuti jakisoni wa penisilini samuyanja. Inu munalipo tsiku limenelo?"

"Ndinalipo bambo. Anali sitandade 2, kunagwa chikuku mmudzi monse. Anatentha thupi masiku atatu, maso kufiira, tinapita naye kuchipatala anamubaya, mmawa mwake thupi lonse tiziphuphu kuyambira kumaso. Adokotala a nthawi imeneyo ndi amene anati mwina ndi jakisoni."

"Anatupa milomo kapena maso? Anabanika, kapena kukomoka atangobayidwa? Khungu linasupuka?"

"Ayi, zimenezo ayi. Tiziphuphu basi, ngati anzake onse a chikuku aja."

Ndinalowa mkati kwa mayi uja pakati pa zopweteka nkumufunsa ngati anamwapo makapisozi a chifuwa kapena a dzino chikulire. Anati chaka chatha dzino litatupa anagula makapisozi ku famase ya pa trading nkumwa masiku asanu osaona chovuta. Mwamuna wake anali atabweretsa mabuku akale aja mu jumbo, mwayi wake sanawatulutse chichokereni ulendo wa masabata 34, ndipo mbuku la zaka ziwiri zapitazo munali polemba poyera, amoxicillin 500 mg katatu patsiku masiku 5, chifuwa. Ndinamufunsa ngati anamaliza, anati anamaliza onse. Wolembayo mwina sanayang'ane chikuto, koma anatichitira mayeso amene ife sitikanatha kuchita. Munthu amene wamwa amoxicillin mpaka kumaliza popanda chovuta pambuyo pa tiziphuphu ta ubwana alibe allergy ya penicillin, ndipo tiziphuphu tija pafupifupi mosakayika tinali chikuku chomwecho.

Sista anali asanakhutire ndipo ndimamumvetsa, ndi iye amene agwire syringe. Anati "Adokotala, akatigwera pano ndinena chani mmawa?" Ndinati ndilemba ndekha ndikusaina, ndipo ndikhala pompo. Tinakoka adrenaline 0.5 ml wa 1 mu 1,000 nkumuika pa tray, oxygen pafupi, kanula wamkulu ndi saline akuyenda, ndipo 11:40 tinapereka X-pen 5 MU pang'onopang'ono. Ndinakhala pambali pake mphindi 30 ndikuyang'ana milomo, kupuma ndi BP. Palibe chinachitika, olo kuyabwa.

Mayi anachira 1:50 usiku, mwana wamwamuna, 2.3 kg, Apgar (mlingo wa mmene mwana alili pobadwa, pa 10) 8 kenako 9. Kuchokera pa jakisoni kufika pobadwa panadutsa maola 2 ndi mphindi 10. Chomwe timafuna ndi maola 4, ngakhale maola awiri amachepetsako ndithu tizilombo mnjira ndi mmadzi kusiyana ndi kusapereka konse, nde mayi akafika mochedwa perekanibe, musanene kuti nthawi yatha. Koma kuwerenga kwake nkosavuta, akanalandira 10 koloko pofika pomwepo maola anayi akanatsala pang'ono kukwana, ndipo akanalandira ku helefu senta 9 koloko mmawa, komwe X-pen analipo, bwenzi atalandira kangapo. Ola limodzi ndi mphindi 40 zinathera pa kufunsa mafunso amene ndikanafunsa masabata asanu m'mbuyomo masana dzuwa likuwala.

Mwana sitinadikire kuti adwale. Wobadwa masiku osakwana, nsupa yatha pafupifupi maola 21, mayi wa GBS, mankhwala osakwana maola 4, mchimwene wake anamwalira ndi matenda omwewa, nde tinatenga magazi a culture nkuyamba X-pen 50,000 IU pa kilo maola 12 aliwonse, kwa iye 115,000 IU, ndi gentamicin 3 mg pa kilo kamodzi patsiku poti sanafike 2.5 kg, kwa iye 7 mg. Gentamicin payekha sapha GBS koma amathandizana ndi penicillin, komanso amatseka mbali ya E. coli ndi anzake amene nawonso amakonda ana osakwana masiku. Ena anafunsa kuti bwanji osangoyamba ceftriaxone. Pa GBS ceftriaxone saposa X-pen, ndipo mmene tikumuthirira paliponse ndi mmene Klebsiella ndi E. coli zosamva mankhwala zikuchulukira mma nazale athu, nde ndinakana.

Atatha maola 9 anayamba kubuula. Kupuma 72 pa mphindi, nthiti kulowa mkati, mphuno kutukuka, oxygen 89, thupi 35.9, shuga 3.1, bere akungolinyambita osakoka. Liwombo linali bwino, sanakoke. Mayi ake atamva kubuula kuja anangoti "Ndi mmene anayambira mnzake" nkukhala pansi pa simenti, ndipo kunena zoona nanenso mtima unandithawa. Tinamuika pa oxygen, sanakwere mokwanira, tinamusamutsira pa CPAP ya Pumani (makina othandizira kupuma), chubu cha mmphuno chomwetsera mkaka wofinya, kumufunditsa, shuga maola atatu aliwonse. Usiku woyamba kupuma kunali pakati pa 68 ndi 76. Tsiku lachiwiri madzulo kunatsika kufika mma 60, tinapanga LP (kutenga madzi a mumsana) atakhazikika, madzi oyera mbee, maselo oyera 4 okha, Gram stain palibe kanthu. Tsiku lachitatu tinamuchotsa pa CPAP, lachinayi oxygen, lachisanu anayamba kukoka bere yekha ndipo tinawapititsa ku kangaru jakisoni akupitirira. Blood culture sinamere kanthu patatha masiku 5, zomwe zimachitika kawirikawiri mayi akalandira penicillin mwana asanabadwe, komanso magazi amene timatha kutenga pa kamwana ka 2.3 kg ndi ochepa. Tinamutenga ngati chibayo cha pobadwa mwa mwana wosakwana masiku nkumaliza masiku 7. Mayi thupi silinatenthe, chiberekero chinabwerera bwino, sitinapitirize mankhwala kwa iye atachira.

Zinthu zingapo ndimafuna zimveke kwa anzanga. GBS ikapezeka mumkodzo pa mimba, olo mwachiza mkodzowo ndipo wayera, mayi ameneyo ndi wa jakisoni kuleba basi, sipafunikanso swab. Chimodzimodzi amene mwana wake wam'mbuyo anadwala GBS. Kumumwetsa amoxicillin pa masabata 30 kapena 36 kuti "tichotseretu" sikuthandiza, kamabwerera kuchokera mmatumbo pasanathe nthawi, mankhwala ofunika ndi a pa mtsempha nthawi ya matenda kapena nsupa ikasweka. Amene mumatha kutumiza swab, tengani kumunsi kwa njira yoberekera kenako kotulukira chimbudzi, popanda speculum, ndipo lembani pa fomu kuti mukufuna GBS komanso ngati mayi ali ndi allergy kuti a ku labu adziwe zoti ayike D-test, chifukwa high vaginal swab wamba amaphonya ambiri. Lipoti lililonse lonena erythromycin R clindamycin S popanda kutchula D-test, imbani foni mufunse. Ndipo sindikunena kuti allergy yonse ndi yabodza ayi, ndinaonapo munthu akutupa lilime mphindi zochepa atabayidwa benzathine penicillin ndipo sindidzaiwala. Mayi akanena za kutupa milomo, kubanika, kugwa atangobayidwa, zidzolo zotuluka ola lisanathe kapena khungu kusupuka ndi zilonda mkamwa, ameneyo musamuyese, mutumizeni msanga mimba ikadali yaying'ono komwe angakonze mankhwala ena. Koma mafunso amenewa malo ake ndi kusikelo, gadiyani alipo, mabuku akale ali pa tebulo.

Katemera akubwera koma sanafike. Blantyre inatenga nawo mbali pa kuyesa katemera wa mitundu itatu ya GBS mwa amayi oyembekezera limodzi ndi South Africa, zotsatira zinatuluka mu 2016 ndipo zinaonetsa kuti amayi amene ali ndi HIV amapanga chitetezo chocheperapo. Wina wa mitundu 6 anayesedwa ku South Africa, zotsatira zake za 2023 zinali zolimbikitsa, koma pakadali pano palibe amene wavomerezedwa kuti tizibaya kusikelo. Ndi yekhayo amene angadzathandizenso pa matenda obwera mochedwa aja, chifukwa jakisoni wa kuleba sateteza mwana wa masabata atatu kapena asanu.

Nchifukwa chake tsiku lotuluka ndinakhala nawo onse atatu, mayi, bambo ndi agogo. Ndinawauza kuti mpaka miyezi itatu mwana akakana bere kawiri motsatizana, akatentha kapena kuzizira, akabuula, akalira mosatonthozeka kapena kungofooka, liwombo likatukuka, asadikire kuche ndipo asayambe kwa asing'anga, abwere ndi buku. Agogo anafunsa mwaulemu ngati sipafunika kukadula mauka kuti zisachitikenso. Ndinawauza kuti chimene chinatenga mdzukulu wawo woyamba uja chili ndi dzina, chimakhala mmatumbo mwa amayi ambiri abwinobwino, palibe chodula, ndipo kudula ndi lezala kumangotsegula chilonda pomwe mwana adzadutse. Bambo uja anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa kuti "Ndiye kuti sindinali ine?" Ndinati ayi bambo, simunali inu, ndipo si mayi. Anapempha kuti ndibwerezenso agogo akumva, ndinabwereza.

Pachikuto ndinadula mawu ofiira aja ndi mzere umodzi kuti azionekabe, nkulemba pansi pake kuti si allergy, anamwa amoxicillin mpaka kumaliza ndipo walandira X-pen 5 MU pa mtsempha popanda vuto, tsiku ndi saini yanga. Mkati ndinafufuta clindamycin uja, ndinamata pepala la labu lokonzedwa, nkulemba mzilembo zazikulu kuti mimba iliyonse yotsatira alandire X-pen matenda akangoyamba kapena nsupa ikangosweka, pa chipatala chilichonse chomwe wafikira, asanakwere ambulansi. Ndinaimbiranso mzamba wa ku helefu senta kuja kumufotokozera zonse, ndipo iye ndi amene anapereka ganizo loti amayi onse amene mabuku awo ali ndi mawu a allergy aziwapatula pa ulendo woyamba wa sikelo nkuwafunsa mafunso aja, pano tikuchita choncho mbali zonse ziwiri.

Pa sabata 6 anabwera, mwana 3.9 kg, akuyamwa bere lokha, akutsata kuwala ndi maso, akudzidzimuka ukawomba mmanja, mutu ukukula bwino. Analandira katemera wake wa pa sabata 6 ndipo mayi anasankha kulera ndi implant. Ndawapatsa tsiku loti adzabwerenso pa sabata 10 ndi 14, ndipo ndawauza kuti akafika adzandifunse ine ndisanalowe ku theatre.